Njinga ya Matumba Khumi ndi Awiri

A Telala a pakhonde la sitolo ya nsalu anali ndi ulendo m'mutu, ndipo aliyense wobwera kudzayezetsa malaya ankachoka ataumva. Ankafuna kupalasa njinga masabata atatu, kudutsa nkhalango zitatu zosungirako nyama, kuti akaone okha zimene ankangoziona pa kalendala. Poyamba inali nkhani yotayira nthawi. Koma chaka chatha adokotala anawauza mosabisa mawu kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo magalasi sangathandize. Ngati nyamazo akufunadi kuziona, anayenera kupita msanga.

Ndiye anakonzekera monga angakonzekerere telala. Mapu anawayeza ndi tepi yoyezera ziuno za anthu, n'kuwonjezerako pang'ono ngati akusoka buluku la mwana amene akukula. Kenako anayamba kusoka matumba. La madzi, la mankhwala, la masipanala, lina mkati mwa linzake losungiramo singano, mpaka anakwana khumi ndi awiri. Miyezi isanu ndi itatu, anthu inu! Njinga inavala bwino kuposa mwini wake, koma pachipata inali isanatulukepo.

"Abambo, simungaikwere kaye?" akazi awo anafunsa.

"Amayi, miyendo iyi yapalasa makina zaka makumi atatu. Mukaphatikiza bwinobwino, dziko lonse ndinalizungulira kale ndili pampando."

Lachiwiri lina m'mawa anaitulutsa kuti atseke pakamwa akaziwo. Pa chitunda cha kuseri kwa msika m'pamene anadziwa kuti makina osokera amapalasidwa ndi akakolo, pamene njinga imafuna ntchafu, msana ndi mapapo. Ndiponso makina alibe chitunda. Anatsika thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kukankha.

Mayi wina wosenza ndowa ya madzi anawapitirira, wapansi.

"Mukusamuka, agogo?"

"Ayi, ndikupita kukaona nyama zakutchire."

"Oo! Mukazipatse moni."

A Telala anaseka mpaka kutsokomola. Chitsiru iwe, anadziuza, anzako amalimbitsa miyendo, iwe wasokera njinga suti. Chikomekome cha mkuyu ndi chimenechitu.

Pamwamba anapeza mayi uja atatula ndowa, akupuma. Iwo anakhala pamwala n'kuyang'ana kumunsi kumene anachokera. Kunali koyera ngati wina wayalapo nsalu yopyapyala.

"Chifunga cha lerochi n'choopsa, eti mayi?"

Mayiyo anayang'ana kumunsi, kenako anayang'ana iwo.

"Chifunga chiti, agogo? Kunja kwacha bwino. Ine ndikuona ndi zovala zomwe zili pachingwe kutsidyako."

Kuseka konse kunathera pomwepo. A Telala anachita mantha, mantha enieni, ndipo anadzimvera chisoni chifukwa cha miyezi imene anaitayira pa mazipi ndi mabatani. Potsika sanakwerenso, anangoyenda atagwira mabuleki.

Atafika kunyumba anatenga lezala kuti asomole matumba aja, koma msoko wawo womwe sankauona. Lezala linkangolowa m'nsalu. Akazi awo anawayang'ana kanthawi, kenako analanda lezalalo n'kukhala pansi pambali pa tayala.

"Atsale angati?"

"Awiri."

"Munyamuka liti?"

"Loweruka likubwerali. Pokwera ndizikankha, andiseke amene akufuna."

Matumba anayamba kugwa pansi limodzilimodzi. Amayiwo anali ndi luso, chifukwa njinga yonyamulira katundu wa kumsika anaipalasa kuyambira ali mtsikana, ndipo ankadziwa chimene chimalemetsa munthu panjira.

"Mawa ndikapopetsa njinga yanga ija," anatero ali chiweramire. "Ine ndizikhala patsogolo, inu muzilondola duku langa lofiira. Pa dzenje ndizikuwa."

"Nanga tikakafika? Muzikandifotokozera zimene mukuona?"

"Mbalame ndi agwape ndikakuonerani, abambo. Koma njovu ndi yaikulu. Imeneyo mukaiona nokha."