Chikhoti Chofiira cha Mayi Anyezi

Achemwali anga anthu amawatchula kuti Mayi Anyezi, ndipo iwo sakwiya nalo dzinali. Mukakumana nawo m'nyengo yozizira akuchokera kuntchito, mukhoza kuwadutsa osawazindikira, chifukwa chimene chimaoneka ndi maso awiri basi, kwinaku ndi nsalu pamwamba pa nsalu. Akalowa m'nyumba amayamba kudzisenda pakhomo pomwepo: chikhoti, juzi, kajuzi kena, mpaka m'katimo mutatuluka mzimayi wochepa thupi amene ine ndinakula ndikumudziwa.

Kwathu sanali otero. Kwathu kumatentha, ndipo achemwali anali munthu wa madiresi opepuka amaluwamaluwa ndi nsapato zoonetsa zala. Atabwera kuno kudzagwira ntchito yochapa zovala panyumba yosungirako okalamba, sutikesi yawo inali yodzaza ndi zomwezo. Chinawapusitsa ndi dzuwa. M'mawa wina analiona likuwala pawindo, iwo n'kuti lero kwacha bwino, n'kutuluka ndi diresi ndi kajuzi kamodzi. Pofika pokwerera basi makutu anali ngati si awo, zala zikukana kutsegula kachikwama. Tsiku lomwelo anali atayanika zovala panja, ndipo pobwera anapeza siketi itauma gwa ndi chisanu, yoti n'kuiimika pakona n'kuima yokha.

"Dzuwa la kuno ndi la pachithunzi," amatero mpaka lero. "Ukaliona, wonjezera juzi."

Sanadandaule nthawi yaitali. Paja safunsa anadya phula. Kuntchito kwawo zovala za okalamba zinkadutsa m'manja mwawo tsiku lonse, ndiye ankazigwiragwira, n'kumafunsa eni ake kuti ichi chimavalidwa pati. Anaphunzira kuti chikhoti chimodzi chokhuthala pachokha sichithandiza. Umayamba ndi kopyapyala kogwira thupi, pamwamba pake chaubweya wa nkhosa, kenako chotchinga mphepo. Anaphunziranso kuti malaya a thonje akanyowa ndi thukuta amakuzizira pamsana, ndi kuti nsapato umagula zokulirapo kuti sokosi zipeze malo. Aliyense wochokera kwathu akamafika, achemwali ankamuchingamira ndi chikwama cha majuzi a pakaunjika. Ine nditabwera kudzakhala nawo anandiveka chipewa ndisanamalize n'komwe kuwapatsa moni.

Komatu anali nacho chinthu chimodzi chonyadira. Chinali chikhoti chachitali chofiira, chaubweya weniweni, cha mabatani akuluakulu akuda. Anachipeza pakaunjika pomwepo, n'kuchichapitsa, n'kuchipachika m'kabati chitakutidwa ndi pepala. Kuntchito sankapita nacho. Ndikawafunsa ankati, "Ichi n'chokachingamira alamu ako. Zaka zonsezi akhala akundiona pafoni nditafunda ngati wodwala. Tsiku limenelo andione kuti ndikadali mkazi."

Tsikulo linafikadi. Alamu anga, amuna awo, anatuluka pabwalo la ndege atavala suti yotuwa, tayi ili pakhosi, nsapato zikuwala. Kwathu ankalandira alendo pahotela ina yaikulu, ndipo mumsewu wathu wonse panalibe munthu wodziwa kutchena ngati iwo. Ataona achemwali m'chikhoti chofiira chija anaima kaye, n'kugwira pakamwa. Ine misozi inalengeza, ndipo sindichita manyazi kunena.

Mavuto anayamba titangofika kunyumba. Achemwali anali atawagulira chikhoti chakuda chotukumuka, chipewa, ndi kabuluku kothina kovala m'kati mwa thalauza. Alamu anakanyamula ndi zala ziwiri.

"Mayi, mwasokoneza. Izi ndi zanu."

"Ndi zanu, bambo. Amuna onse kuno amavala, kungoti sizioneka."

"Ine ndivale zothina za akazi? Nanga chikhotichi? Mukufuna ndiziyenda mumsewu ngati thumba la makala?"

Ine ndinalowererapo, paja mlamu timaseka naye. "Alamu, makala ndiye abwino, amafunda." Anaseka, koma zovalazo anazibwezera m'pepala mwake.

Patapita milungu ingapo anapeza ntchito yolondolera magalimoto poimika, kunja kwa sitolo yaikulu. Ntchito yake ndi yoima panja tsiku lonse. Anapita ndi suti yawo, pamwamba pake n'kungokoleka kansalu kowala kamene amapatsidwa kuti oyendetsa aziwaona. Achemwali anawapempha mpaka mawu kutha, koma alamu anati munthu wolandira alendo amaoneka ndi kavalidwe. Masiku oyamba ankabwera milomo itachita mbuu, akuumirira kuti sikukuzizira kwenikweni. Sabata isanathe anagona ndi chifuwa choopsa, thupi lotentha, mano akugundana.

Atayamba kupezako bwino anandituma kuti nditsitse sutikesi yawo pamwamba pa kabati. Anaiika pafupi ndi bedi, yotsegula.

"Ndikangochira ndikubwerera," anauza achemwali. "Dziko lino si langa. Kwathu ndinali munthu. Kuno ndine chiyani?"

Kunena zoona ine ndinapsa mtima. Ndinakokera achemwali kukhitchini n'kuwauza kuti awasiye apite. Mzimayi wazunzika yekha zaka zonsezi, akudzuka kusanache, manja atang'ambika ndi sopo, kuti banja lidzakhale pamodzi, ndiye mwamuna alithetse chifukwa cha kabuluku?

Achemwali anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Iwe ukuona suti," anatero. "Ntchito yawo anaisiya, anzawo anawasiya, mumsewu muno palibe amawadziwa dzina. Chatsala ndi sutiyo. Ukufuna ndiwavulenso imeneyo?"

Ndinatuluka m'khitchinimo mtima ukadali m'mwamba.

Loweruka masana, alamu ali mtulo ndi mankhwala, ndinapeza achemwali pathebulo la pabalaza. Jekete ya suti ija inali itatembenuzidwa, nsalu yake yam'kati ataisomola bwinobwino ndi lumo. Pambali pake panali chikhoti chofiira chija, chitayalidwa, ndipo sizasi inali itadya kale theka la msana wake.

"Achemwali! Mwatani?"

"Tsika mawu, udzutsa odwala."

"Bwanji osakagula china pakaunjika?"

"Ndazungulira konse. Zimene zilipo n'zokhuthala, angazindikire msanga. Ichi n'chopyapyala koma chimafunda. Gwira apa, usangoima."

Ndinagwira, misozi ikugwera pa ubweyawo. Anadula zidutswa za msana, za pachifuwa, za m'manja, n'kuzisokerera m'kati mwa jekete. Thalauza nayo anaiika zake kuchokera m'chiuno mpaka m'maondo. Kenako anabwezeretsa nsalu yam'kati ija pamwamba pake, moti kufiira konse kunabisika. Ntchitoyo inawatengera masiku angapo, akusoka pamanja, akubisa m'dengu la zochapa akangomva alamu akutsokomola. Pomaliza anaisita, n'kuipachika pamalo pake.

Alamu atachira, achemwali sanatchule za ulendo. Anangoti, "Bambo, kamalizeni mwezi wokhawu, anthu asamati munathawa ntchito." Mawu amenewo anawagwira pamtima, ndipo anavomera. Povala sutiyo anagwedeza mapewa.

"Bwanji ikulemera chonchi?"

"Mwaonda ndi matenda, bambo. Mphamvu zikabwerera izipepuka."

Madzulo anabwera akuimba kaluzu. Zala ndi makutu zinali zitazizira ndithu, koma chifuwa chinali bwino. Anakhala pampando n'kutambasula miyendo. "Mwaona? Thupi langa lazolowera. Chisanu chimene mumachiopa chija n'chimenechi? Akazi inu mumakokomeza." Ine ndinaluma mlomo mpaka kumva kuwawa. Achemwali anangoti, "Zoonadi bambo, ndinu olimba," n'kuwathirira tiyi.

Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Sutikesi inali ikadali pafupi ndi bedi, koma alamu anayamba kuikankhira kukhoma kuti isawapunthwitse. Kuntchito anthu anayamba kuwadziwa. Amayi ena okalamba ankaimika galimoto mbali yawo dala kuti akalandiridwe ndi bambo wa tayi.

Chinaulula zonse ndi chikondi cha alamu chomwe. Lamlungu lina kunja kutagwa chipale chofewa, msewu wonse uli mbee, alamu anati, "Mayi, valani chikhoti chanu chofiira chija, mlamu atijambule panja. Titumize kwathu aone kuti tili bwino."

Achemwali anati chili kochapitsa. Alamu anati chakhalitsa bwanji kochapitsako. Achemwali anati mwina anabwereketsa mnzawo. Kunama sadziwa achemwali anga, maso amawagwera pansi. Alamu ananyamuka okha kukatsegula kabati. Pa hang'ala panali pepala lokhalokha. Pansi pake anapeza kathumba, m'kati mwake muli kolala yofiira, tizidutswa ta nsalu ndi mabatani akuda aja.

Anatuluka nako kathumbako. Anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ana jekete imene anavala. Anaivula pang'onopang'ono, n'kuipapasa pamsana ndi pachifuwa. Kenako anapisa chala m'thumba lam'kati, pomwe ulusi unali utamasuka pang'ono, n'kukoka. Panatuluka kaubweya kofiira.

"Mayi," anatero. "Nthawi yonseyi ndimati ndine wolimba."

"Ndinu olimba, bambo. Mwaima panja miyezi iwiri. Ine ndangothandizirako."

"Koma chinali chokongola. Munali okongola."

"Munandiona kale. Ndinagulira tsiku limene lija, ndipo linakwana."

Alamu analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinkaopa kuti manyazi awapitikitsa kuposa mmene chikanachitira chisanu. Tinamva zipi ya sutikesi, kenako mahang'ala akugundana. Achemwali anakhala pampando manja ali pamiyendo. Aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha chibwerere ine kuno.

Chitseko chitatseguka, alamu anandiitana. "Mlamu, tandithandiza kukweza ichi." Sutikesi inali yodzaza, koma osati ndi katundu wa paulendo. Munali malaya awo opepuka, nsapato zawo zowala zija, ndiponso madiresi amaluwa a achemwali, zonse zitapindidwa bwino ngati za m'sitolo.

"Izi tidzazitsitsa kukayamba kufunda," anatero. "Panopa zikungodya malo."

Tinaikweza pamwamba pa kabati. Alamu potsika pampando umene anakwerapo anatenga chikhoti chakuda chotukumuka chija, n'kuchivala pamwamba pa suti, chipewa n'kuchikokera mpaka m'makutu. Anaonekadi ngati thumba la makala, ndipo ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma achemwali ananditsina pantchafu.

Chithunzi tinajambula tsiku lomwelo. Chili pakhoma pabalaza: anthu awiri onenepa ndi zovala, maso okha akuoneka, atagwirana mikono pakati pa msewu woyera. Koma tisanatuluke, alamu anaima pakhomo, n'kukhosomola pang'ono, n'kuyang'ana kudenga ngati akulankhula ndi nyale.

"Mayi," anatero, "zothina zija munaziika pati?"