Phazi la mwana wanga pa depoti ya Dedza

Mwana wanga anamwalira m'chipatala m'mawa, ali ndi miyezi isanu. Galimoto yonyamula maliro sitikanaikwanitsa, choncho amayi anga anandithandiza kumubereka monga mwa masiku onse, n'kumufunditsa shawelo mpaka kumutu.

"Usalire mpaka tikafike ku Lobi," anatero. "A minibasi akangodziwa, atitsitsa."

Kulira sikunali pafupi. M'kati mwanga munalibe kanthu, ndinkangomva kulemera kumsana basi.

Amene anakwerapo minibasi pa depoti ya Dedza amalidziwa khalidwe lake. Dalaivala amaliza injini mwaukali, amanyamuka, amadutsa pa azimayi ogulitsa kachewere, kenako n'kukhota kubwerera pomwe anali. Kondakitala wathu, bambo wa imvi zake ndithu, ankakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi, chonsecho mpando wakumbuyo unali wopanda munthu. Likanakhala tsiku lina ndikanamulalatira, pakamwa panga kwathu amapadziwa. Tsiku limenelo ndinkangoyang'ana chithaphwi chomwe tinkaponda ulendo uliwonse.

Kuti ndikhale bwino pampando, mwanayo ndinali nditamupakata. Tikuzungulira kachitatu, anakwera mayi wina wojintcha wa dengu la kabichi, n'kudzipanikiza pambali panga.

"Koma ndiye ngofatsa mwana wanuyu," anatero. "Akanakhala wanga, bwenzi tonse titagontha muno."

Amayi anga anayang'ana kunja. Ine ndinati, "Wagona."

Tayala litagweranso m'chithaphwi muja, shawelo inasuntha, phazi la mwana linatulukira. Mayi uja analigwira kuti alibwezere m'nsalu. Ku Dedza kumazizira, koma kuzizira kwina mayi aliyense amakuzindikira. Dzanja lake linaima pomwepo. Ndinadikira kuti akuwe. Sindinaope n'komwe, ndinangoyamba kuganiza za mtunda woyenda wapansi.

Mayi uja anatembenukira kutsogolo.

"Adalaivala, tizingozungulira pano ngati nkhuku yachitopa? Enafe tili ndi zochita. Tiyeni tizipita!"

Anthu anaseka, ena anamuthandiza kulalata. Dalaivala anang'ung'udza, koma galimoto inalowa mumsewu waukulu osakhotanso.

Mayiyo sanandiyang'ane. Anamasula chitenje chake chapamwamba n'kutifunditsa ine ndi mwana. Pansi pa chitenjecho anafumbata phazi lija, akulisisita ndi chala chachikulu ngati lingafunde, mpaka pomwe anatsikira pa Linthipe.