Mayi Domingas anakana kulowa ndi mwana wanga m'tchalitchi

Mayi Domingas ndi mkazi wamasiye wa kwathu ku Majaua. Amagulitsa nyemba pamsika wa Milange, ndipo anzawo amawaseka chifukwa wogula akafika iwo amayamba okha kunena kuti, "Izi zili ndi anankafumbwe pang'ono, bambo." Anaika ana awiri m'manda asanathe kuyenda. Zimenezi sazikamba.

Ndinawapempha kuti akhale madirinya wa mwana wanga Nelsa, ndiye kuti mayi womuimirira paubatizo. Anavomera mosangalala, nasokanso kadiresi koyera.

Nelsa anabadwa wochepa, akutsokomola. Apongozi anga anamumanga mphinjiri m'chiuno, kachingwe kakuda kokhala ndi kathumba ka mankhwala, akuti kotchinga afiti. Pamaphunziro a ubatizo a katekista anatifunsa ngati pali mwana wovala zotere. Tonse tinati ayi. Ine ndinayankha mokweza kuposa onse.

Kwathu a Padiri amabwera patalipatali chifukwa cha msewu. Tsiku la ubatizo tili kuseri kwa tchalitchi, Mayi Domingas anatenga mwana kuti amuveke diresi. Ndinayesa kuwatsekereza ndi chitenje, koma chala chawo chinali chitakola kale chingwecho.

"Amake Nelsa, ichi n'chiyani?"

"N'cha apongozi, amayi. Pansi pa diresi sichioneka."

"Sichioneka kwa ndani? A Padiri akandifunsa ngati ndikukana zamdima m'malo mwa mwanayu, ndikayankha ndili chigwirire ichi?"

Mayi wina amene ankaveka mwana wake pafupi anaseka. "Iii, a Domingas, mwayamba kusankha anankafumbwe ndi kutchalitchi komwe? Ana theka muno avala!"

"A enawo sindikuwaimirira ine," anatero. Kenako anandipatsa lumo limene anamanga pakona ya mpango. "Sindidula ine. Mwana ndi wanu. Anga aja anapita atavala, onse awiri."

Ndinagwira lumo. Nelsa anatsokomola. Ndinaganiza za ulendo wautali wa kuchipatala, ndi zimene apongozi adzanene mwana akadzatentha thupi. Ndinalephera.

Sanandikalipire. Anapita okha kwa a katekista kukanena kuti Nelsa sabatizidwa lero, ndipo atafunsidwa chifukwa, ananena chifukwa chake chenicheni. Ine ndinali nditaima pomwepo, maso pansi.

Ndinkafuna kuthawira kunyumba, koma anandikhazika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi zenera la tchalitchi. Tinamva mayina a ana ena akuitanidwa, kuphatikizapo a ovala aja. Anthu potuluka ankatiyang'ana. Mayi Domingas anamufungata Nelsa, akupemphera chapansipansi, osabisa nkhope.

A Padiri adzabweranso mvula ikatha. Lamlungu lililonse Mayi Domingas amadzera kwathu kudzanditenga popita kutchalitchi, ndipo za chingwe safunsa. Nelsa sanabatizidwe. Pomusambitsa ndimachiona chingwecho, ndipo mpaka lero sindinadule.