Mpope wa Apongozi Anga

Nditakwatiwa ananditenga chitengwa kupita kwawo kwa amuna anga, m'mapiri a ku Ntchisi. Kumunsi kwa mudzi kunkadutsa kamtsinje kotsikira ku Bua, ndipo kumtunda kwake eni esiteti ya fodya anali atamanga damu lothirira nazale. Apongozi anga aamuna ndiwo ankalondera damulo, komanso kutsegula ndi kutseka mpope wotulutsa madzi pansi pa khoma lake.

Apongozi aakazi ndinazolowerana nawo msanga chifukwa tinkachapira limodzi. Ankandiuza kuti kale mvula ikagwa, nsomba za mpasa zinkakwera kamtsinjeko kudzaikira mazira m'timiyala, tiana take n'kutsala m'maiwe mpaka titakhwima. Chimangireni damu, zinkabwera zowerengeka.

Chaka china dzuwa linaswa mtengo. Mpope unatsekedwa kuti madzi akwanire nazale, kamtsinje n'kuduka, kutsala timaiwe tofunda. M'timaiwemo munali tinsomba tonga chala cha mwana, tikupuma movutika pamwamba pa madzi.

Tsiku lina masana amayi, apongozi aakazi aja, anapereka chakudya kwa amuna awo, nakhala pansi chapatali.

"Abambo, simungatsegule pang'ono pokha? Ana a mpasa akutha kumunsiku."

"Madziwo si anga, mayi. Mukufuna andichotse ntchito chifukwa cha tinsomba tosakwana ndi ndiwo zomwe?"

Kutacha amayi anatenga ndowa ndi chitenje chakale, ine pambuyo pawo. Tinkakokolola tinsombato ndi chitenje, kutithira m'ndowa, n'kukatitaya m'dziwe lalikulu la pansi pa mkuyu. Tinachita zimenezi mpaka msana wa amayi unakana, moti pobwerera ankayenda atagwira m'chiuno.

Abambo ankangotiyang'ana ali pakhonde. Tsiku lina anavala jekete lawo la kutchalitchi, ulendo wa kwa manijala wa esiteti. Zomwe anakakambirana sanatiuze, koma anabwerako akumwetulira: anawalola kumatulutsa madzi pang'ono.

Chimwemwe chinawapitirira. M'mawa mwake, pofuna kudabwitsa akazi awo, anatsegula mpope wonse. Ife tinali pa thanthwe tikuchapa pamene tinamva mkokomo. Madzi ofiira ndi matope anatsika ngati mvula yagwa kumtunda. Anakokolola zovala zomwe tinayanika, analowa m'dimba n'kuzula mpiru, ndipo timiyala tija anatikwirira ndi matope. Ataphwa tinapeza tinsomba tambiri titaponyedwa pa udzu, titafa.

Abambo anatsika akuthamanga. Atawona anaima chilili, chipewa chili m'manja. Ine, monga mtengwa, sindikanatha kuseka pamaso pawo, ndiye ndinabisa nkhope m'chitenje. Amayi anatola buluku la amuna awo lomwe linakodwa m'bango, nalifinya.

"Ndinati pang'ono, abambo. Mwana wodwala sitimumwetsa ndi ndowa."

"Ndamva, mayi," anatero motsitsa mawu.

Kuyambira pamenepo ankagwira ntchitoyo awiri. Amayi ankaima kumunsi kwa khoma, abambo pa mpope, akupotokola pang'onopang'ono.

"Onjezani! Basi, basi, bwezani pang'ono!"

Madzi ankangoyenderera osapitirira m'kakolo, koma sanadukenso mpaka mvula inagwa. Maiwe anazizira, analumikizana, tinsomba totsala n'kumayenda kuchoka dziwe lina kupita lina.

Sindinganame kuti mpasa zinabwerera monga kale. Anthu kumunsi ankatcherabe maukonde, ena kulima mpaka m'mphepete mwa madzi. Koma dzinja lotsatira amayi anandiitana ndikupalira, nandilozera pamadzi osaya. Panali mpasa ziwiri zazikulu, zikupukusa michira pamchenga. Anatuma mwana kukaitana abambo, ndipo iwo anabwera nakhala pa mwala. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati imodzi yokha singalowe mumphika. Amayi anawayang'ana ndi diso limodzi, abambo n'kuseka mpaka kutsokomola.