Anapiye opakidwa jivi

Lero ndapaka mwana wanga jivi pabala, ndipo zala zanga zothimbirirazi zandikumbutsa amayi.

Chaka chimene atate anatisiya n'kukakwatira ku Lusaka, amayi anagula thadzi lathu loyamba ku Palabana. Litaswa anapiye asanu ndi awiri, aneba anatilangiza kuwapaka jivi kuti kabawi asawazindikire. Tinawapaka onse, uku tikuseka.

Kabawi sanabwere. Thadzi lomwelo ndilo linawaona achilendo, n'kuyamba kuwajompha m'mutu. Pomwe tinkafika kukhola, anayi anali atafa kale.

Amayi anatola kamwanapiye kamodzi, kakadali kofunda, n'kukhala pansi pafumbi.

"Amama, niimenye nkhuku iyi?" ndinafunsa.

"Isiye," anatero chapansipansi, maso ali kumsewu. "Siiziba kuti ni bana bake."