Shati Yonyowa ya Yohane

Mwana wanga wotsiriza akumera mano, ndiye dovu lake landinyowetsa phewa lonse. Kafungo kameneka kandibwezera ku Maramba, komwe ndinakulira.

Mlongo wanga Yohane dovu silinkamuuma pakamwa chibadwire. Amayi ankamumangira kansalu m'khosi, koma pofika masana shati inali itanyoweratu. Komatu mpira ankautha. Chimpombwa, mpira wathu wa mapulasitiki uja, chinkachita kumata kuphazi kwake.

Tsiku lina kochi wa ku Highlands anabwera kudzasankha ana a timu yake. Yohane anadutsa anyamata atatu, kuwasiya ali chagada m'fumbi, n'kugoletsa. Kochiyo anandikodola.

"Iwe, ni mubale wako uyu? Mupeleke ku nyumba. Ona shati yake."

Ine ndinayesa kuti vuto ndi shati. Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga yoyera ya atate ya kutchalitchi, n'kudzamuveka.

"Ba kochi, onani, yauma manje!"

Bwalo lonse linaseka. Yohane nayenso anaseka, n'kumalumpha, kuyesa kuti amutenga.

Kochi anatenga atatu anagwa m'fumbi aja. Ine atate anandikwapula chifukwa cha shati.

Ndinazindikira nditakula kuti kochi uja mapazi a Yohane sanawayang'ane n'komwe.