Miyala ya m'munda wa bambo

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha miyala. Iwo anali mkamwini kwathu cha ku Dzoole, ndipo amalume anawapatsa munda wa m'mbali mwa phiri. Chilimwe chilichonse tinkatola miyala mpaka zala kusupuka, koma mvula ikangodutsa, taonani ina yatulukira! Bambo anatsimikiza kuti amalume ankaitayiramo dala kuti awatopetse.

"Ine pano ndine wobwera, ndamva," anauza amayi tsiku lina. "Tikakolola ndikubwerera kwathu ku Kasakula."

Bambo ndinkawakonda kwabasi.

Tisanakolole kunabwera chigalimoto chokumba mjigo, mudzi wonse n'kukhamukirako. Pakati pa okumbawo panali mayi wina wa chipewa cholimba, amene ankatapa fumbi lotuluka m'dzenjemo n'kumaliyala pansi timilutimilu: lofiira, kenako lachikasu, kenako lotuwa lonyezimira. Ine ndi pakamwa panga posatsekapa ndinamufunsa mayiyo mokweza, bambo ndi amalume ali pomwepo.

"Amayi, kodi miyala ya m'munda mwathu amaitaya ndani?"

Mayiyo anaseka, naloza timilu tija.

"Palibe, mwanawe. Dothi lanu ndi lofiirali basi. Pansi pake phiri lonseli ndi thanthwe limodzi. Limasweka pang'onopang'ono, ndiye mvula ikakokolola dothi, zidutswa zimaonekera."

Anatiuza kuti pachiyambi dziko lonse linali lotentha, miyala ili yosungunuka, ndipo pamwamba pake panauma monga mkaka wowiritsa umachitira kakhungu. Khungulo linang'ambika, kumira, kusungunukanso ndi kuumanso kambirimbiri kusanakhale mtengo kapena nyerere. Kenako anaswa mwala ndi hamala, nauthira madzi, naupereka kwa bambo. Mkati mwake munali mizere yoyera ndi yakuda, yokhotakhota.

"Uwu unapindika uli wofewa, pansi penipeni. Pamwamba pake panali mapiri ena, mvula inawadya onse."

Abale inu, mwala kupindika! Mapiri kutha ndi mvula yomweyi yotinyowetsa popita kusukulu! Ndinayang'ana mapiri a ku Ntchisi ali buluu patali.

Bambo anautembenuza mwalawo m'manja nthawi yaitali. Pobwerera anaima nane m'munda muja.

"Ndiye kuti ngakhale amalume ako ndi obwera pano," anatero motsitsa mawu.

Titakolola sanamange katundu. Anayamba kusanja miyala ija mopingasa phiri kuti igwire dothi, ndipo tsiku lachitatu amalume anabwera osaitanidwa, atasenza mwala wawo.

Bambo anakalambira pamudzi pomwepo. Lero ndikamva wina akunena mnzake kuti wobwera, ndimakumbukira timilu tija. Tonsefe, eni mudzi ndi akamwini, timalima kadothi kochepa kofiira kaja, ndipo tafika dzulodzuloli.